Teanglann.ie: mtanthauziramawu waulere wa Chiairishi m'manja mwa wolankhula Chichewa

Mukafika pa msika wa Lizulu m'tawuni muno n'kunena kuti mukufuna airishi, akuthirirani ndowa ya mbatata ya kachewere yochokera ku Dedza kapena ku Ntcheu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mu Lilongwe muli anthu ndithu amene dziko la Ireland limawakhudza kuposa pa chiwaya cha tchipisi. Ofesi ya kazembe wa dzikolo inatsegulidwa kuno mu 2007, ndipo kudzera mu Ireland Fellows Programme Amalawi amapita kukachita digiri yachiwiri ya chaka chimodzi. Ena amagwira ntchito ku Concern Worldwide, Trócaire kapena Self Help Africa, ena amapemphera ku St Patrick's ku Area 18. Ambiri mwa anthu amenewa amadzidzimuka akamva kuti anthu a ku Ireland ali ndi chilankhulo chawochawo, chotchedwa Gaeilge kapena kuti Chiairishi, chomwe sichifanana ndi Chingerezi ngakhale pang'ono.

Tinene poyera kuti simufunika Chiairishi kuti mukhale ku Dublin. Maphunziro, ntchito, kugula ndi kukwera basi, zonse zimayenda m'Chingerezi. Kalembera wa 2022 anapeza anthu 1,873,997 onena kuti amatha kulankhula Chiairishi, koma ochilankhula tsiku ndi tsiku kunja kwa sukulu anali 71,968 okha. Komabe malamulo aakulu a dzikolo, a 1937, amachiika patsogolo ngati chilankhulo cha fuko, choncho chili pa zikwangwani za m'misewu, pa makalata a boma ndi m'mayina a maudindo. Nduna yaikulu ndi Taoiseach, wachiwiri wake ndi Tánaiste, nyumba ya aphungu ndi Dáil, apolisi ndi Gardaí. Basi yolembedwa An Lár ikupita pakati pa mzinda, ndipo Baile Átha Cliath ndi Dublin yemweyo. Pa zitseko za zimbudzi, Fir ndi abambo, Mná ndi amayi. Amene angoona M n'kuganiza za Chingerezi amalowa kolakwika.

Pa zida zonse zaulere zothandiza munthu kumvetsa zimenezi, tsamba la pa intaneti la Teanglann.ie ndilo labwino koposa, ndipo sitikuchita kukayika ponena zimenezi. Koma ndi khasu, si mlimi. Silikuphunzitsani kalikonse mwa ilo lokha, ndipo amene salidziwa kagwiridwe kake amalitaya pa tsiku lachitatu.

Tsambali ndi la Foras na Gaeilge, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 potsatira pangano la mtendere la ku Northern Ireland la 1998, ndipo limayang'anira chilankhulochi pa chilumba chonse. Simulipira, simulembetsa dzina. Pali kabokosi kamodzi kofufuzira, ndipo mawu amene mwalemba mungawaone m'zigawo zisanu: mtanthauziramawu wa Chiairishi kupita m'Chingerezi wa Niall Ó Dónaill, wa 1977, wa Chingerezi kupita m'Chiairishi wa Tomás de Bhaldraithe, wa 1959, An Foclóir Beag wa 1991, womwe umatanthauzira Chiairishi m'Chiairishi momwemo, chigawo cha malamulo a chilankhulo, ndi chigawo cha katchulidwe. Masamba ake ndi malemba okhaokha, opanda makanema, kotero ngakhale kabandulo ka tsiku limodzi kamakwana, ndipo amatseguka ngakhale netiweki ikhale yofooka. Pulogalamu yake ya pafoni iliponso, ya Android ndi iPhone yomwe.

Zigawo ziwiri zomalizazo ndizo chuma cha tsambali. Tiyambe ndi katchulidwe, popeza apa ndi pamene wolankhula Chichewa amagwa chagada.

Chiairishi chimalembedwa ndi malembo 18 okha mwa chikhalire, popanda j, k, q, v, w, x, y ndi z kupatula m'mawu obwereka. Vuto lathu ndi loti magulu a malembo amene tinawazolowera ku Sitandade 1 alimo, koma amanena zina. Ife ph timamutchula ngati mu phala. Iwo ph ndi f. Ife th ndi wa thobwa. Iwo th ndi h chabe, ndipo sh nayenso ndi h. Ch si wa chimanga ayi, ndi liwu lokhuta lochokera kukhosi, ngati munthu akuchotsa kamunga ka usipa. Fh satchulidwa n'komwe, kotero an fhuinneog, kutanthauza zenera, amamveka ngati f kulibe. Kumayambiriro kwa mawu mb ndi m yekha, nd ndi n yekha, bp ndi b, gc ndi g, dt ndi d. Munthu wa ku Kawale akaona i mBaile Átha Cliath pakamwa pake pamafuna kunena mba ngati mbale, pamene eni ake amangoti ma.

Pali malo amodzi pamene timawaposa Angerezi. Ng wa kumayambiriro kwa mawu, monga mu i nGaillimh, kutanthauza ku Galway, ndi ng' wathu wa ng'ombe ndi ng'oma. Olankhula Chingerezi amavutika naye miyezi, ife timabadwa naye. Bh ndi mh amamveka ngati w kapena v malinga ndi lembo laliwu loyandikana nawo ndiponso dera, ndipo amene amatchula bwino ŵ wa Malaŵi sakhala patali.

Lembo lililonse lopanda liwu lili ndi katchulidwe kawiri, kotambasuka ndi kowonda. Likayandikana ndi a, o kapena u ndi lotambasuka. Likayandikana ndi e kapena i ndi lowonda. N'chifukwa chake mawu ambiri amaoneka odzaza malembo aliwu osatchulidwa: malembowo ali pamenepo kuti akuuzeni momwe mungatchulire mnzawo wopanda liwu. Lembani bí ndi buí m'chigawo cha katchulidwe mumve. Woyambayo, kutanthauza khala, ndi bii. Wachiwiriyo, mtundu wachikasu, akumveka pafupi ndi bwi wa bwino. Yesaninso bó, ng'ombe, ndi beo, wamoyo. S wowonda ndi sh wa shati, n'chifukwa chake dzina loti Seán limayamba motero.

Mukadina mawu, tsambali limakupatsani mabatani atatu: Ulster, Connacht ndi Munster, ndiye kuti kumpoto, kumadzulo ndi kumwera. Ndi mawu a anthu enieni ojambulidwa, osati a makina. Kusiyana kwake si kwa masewera. Mná ku Munster ndi mnaa, koma ku Connacht ndi ku Ulster ndi mraa. Cnoc, phiri laling'ono, n amasandukanso r m'madera awiri omwewo. Cailín, mtsikana, ku Munster amatsindika kumapeto, ku Connacht kumayambiriro, ndipo ku Ulster amatsindika kumayambiriro n'kufupikitsanso mapeto. Cholakwa cha ambiri ndi kumvera onse atatu pa mawu alionse n'kutolako chomwe chawakomera. Mapeto ake amalankhula chosakaniza chomwe sichili kwa aliyense, ngati munthu woyamba chiganizo m'Chichewa cha ku Kasungu n'kumalizira cha ku Chipata. Sankhani batani limodzi. Opita ku Galway atenge Connacht, opita ku Cork kapena Limerick atenge Munster, opita ku Donegal kapena Belfast atenge Ulster. Opita ku Dublin asankhe lililonse, bola asasinthesinthe.

Zizolowezi zitatu za pakamwa pathu ziyenera kulondedwa. Choyamba ndi l ndi r, zomwe kwa ife ndi mapasa. M'Chiairishi lá ndi tsiku, rá ndi kunena. Lón ndi nkhomaliro, rón ndi nyama ya m'nyanja yamchere. Chachiwiri, timakonda kutseka mawu ndi lembo laliwu, ndiye bád, bwato, amatuluka ngati baadi. Chachitatu ndi chobisika: Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pamene Chiairishi nthawi zambiri chimatsindika phatikizo loyamba ndipo chimakoka makamaka pamene pali kamzere pamwamba pa lembo. Kamzereko ndi fada, ndipo si kokongoletsa. Fear ndi mwamuna, féar ndi udzu. Briste ndi chothyoka, bríste ndi thalauza. Ife timalemba mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo mofanana n'kusiya kamvekedwe kwa owerenga. Iwo kusiyanako amakulemba. Pafoni, gwirani lembolo kwa kanthawi mpaka á, é, í, ó, ú atulukire. Pa kompyuta ya Windows, ikani kiyibodi ya Ireland kapena ya UK, kenako dinani AltGr pamodzi ndi lembolo. Mukaona mawu okhala ndi kamzere kopendekera kumanzere, monga à kapena ò, dziwani kuti mwasochera: chimenecho ndi Chigaeliki cha ku Scotland, chibale chake koma chilankhulo china.

Chofooka cha chigawo cha katchulidwe ndi choti chimakupatsani mawu amodziamodzi, ali chiimire monga alili mu mtanthauziramawu. Ziganizo zathunthu mulibe, ndipo momwe mawu amamvekera akalumikizana simungamve. Pa zimenezo tsegulani abair.ie ya ku Trinity College Dublin, yomwe imawerenga chiganizo chilichonse mwalemba, m'kalankhulidwe ka dera lomwe mwasankha. Ndi makina, koma ndi makina opangidwa ndi anthu odziwa.

Tsopano nkhani yaikulu, yomwe imasokoneza aliyense woyamba: m'Chiairishi mawu amasintha kumutu. Bwato ndi bád. Bwato langa ndi mo bhád. Bwato lathu ndi ár mbád. A bhád ndi bwato la mwamunayo, a bád ndi la mkaziyo, a mbád ndi lawo. Kamawu ka a n'kamodzimodzi, chomwe chikukuuzani mwini ndi kusintha kwa b. Kusintha koyamba, koika h pambuyo pa lembo, ndi séimhiú, ndipo kumagwira b, c, d, f, g, m, p, s ndi t. Kwachiwiri, koika lembo lina kutsogolo, ndi urú: b amakhala mb, c gc, d nd, f bhf, g ng, p bp, t dt, ndipo lembo laliwu limalandira n. Mabuku olembedwera Angerezi amafotokoza izi ngati zamatsenga. Kwa ife si zachilendo kwenikweni. Khasu likachuluka ndi makasu, phiri ndi mapiri, thumba ndi matumba, tsamba ndi masamba, dzira ndi mazira. Mwana wa Sitandade 2 amadziwa kale kuti lembo loyamba la dzina limafewa china chake chikaima patsogolo pake. Timadziwanso kuti ndinapita sumufufuza pa n koma pa tsinde lake, pita. Luso lomwelo losenda mawu mpaka kupeza tsinde ndilo lofunika pa Teanglann.

Tsambali limathandiza ndithu: mukalemba bhád kapena mná, nthawi zambiri limakulozerani ku bád ndi bean. Ubwino umenewu umaonekera kwambiri pa aneni 11 osatsata lamulo: abair, beir, bí, clois, déan, faigh, feic, ith, tabhair, tar ndi téigh. Palibe angalote kuti chuaigh, anapita, ndi rachaidh, adzapita, onse ndi ana a téigh, kapena kuti chonaic ndi feic, dúirt ndi abair, gheobhaidh ndi faigh. M'buku la pepala mukhoza kutha theka la ola. Apa ndi kudina kamodzi. Koma musadine cholozera choyamba mwachimbulimbuli. Timawu tatifupi tili ndi matanthauzo angapo, ndipo tsambali limatisiyanitsa ndi timanambala tating'ono pamwamba. An akhoza kukhala kamawu kolozera dzina kapena koyambitsa funso. Is ndi mneni, komanso ndi chidule cha agus, kutanthauza ndi. Mu moni woyankha woti Dia is Muire duit, ndi wachiwiriyo, Mulungu ndi Mariya akhale nanu. Ár ndi wathu, komanso ndi kuphana koopsa. Werengani onse musanasankhe.

Mtanthauziramawu wa Ó Dónaill ndi wolemera, koma ndi wothina ngati minibasi ya ku Area 25 nthawi yoweruka. Tengani bean, mkazi. Pambuyo pa dzinalo pali f., kenako gs. & npl. mná, gpl. ban. F. akutanthauza kuti dzinalo ndi lachikazi, m. lachimuna. Gs. ndi maonekedwe a dzina posonyeza umwini likakhala limodzi, npl. ndi zambiri, gpl. ndi umwini wa zambiri. Choncho chipewa cha mkazi ndi hata na mná, zipewa za akazi ndi hataí na mban. Musadumphe m. ndi f., ngakhale pa zinthu zopanda moyo, chifukwa ndi zomwe zimalamula kusintha kwa kumutu kuja: an fear koma an bhean, an t-uisce, madzi, koma an oifig, ofesi, ndiponso an tsráid, msewu. Lingalirani ngati magulu athu a mayina. Amene sanadziwe kuti chimanga ndi cha gulu la Chi-Zi adzanena chimanga wanga moyo wake wonse. Iwo magulu ndi awiri okha, ife tili nawo ochuluka, ndiye palibe chodandaula.

Palinso kachizindikiro kokhota, ~, komwe kamaima m'malo mwa mawu amene mukufufuza m'zitsanzo zonse. Pa foni kamatopetsa maso, ndipo kali ndi msampha: mukagwiritsa ntchito kufufuza m'tsamba kwa Chrome kuti mupeze chitsanzo mu nkhani yaitali ngati ya cuir, bain, déan kapena tabhair, kulemba mneniyo sikukupezerani zitsanzo, popeza m'zitsanzomo walembedwa ngati ~. Fufuzani mperekezi wotsatira kapena mawu a Chingerezi a tanthauzo lomwe mukuliganizira. Kumbukiraninso kuti mneni akaphatikana ndi mperekezi amakhala ndi malo akeake. Éirigh ndi kudzuka, éirigh le ndi kupambana, éirigh as ndi kuleka. Wowerenga d'éirigh liom n'kumasulira kuti anadzuka nane waphonya. Tanthauzo ndi lakuti zinanditheka. Mawu olembedwa Lit: ndi a m'mabuku akale, musawatengere ku sitolo.

Chigawo cha malamulo a chilankhulo chimachotsa ululu wonsewu. Mukalemba dzina, chimakuyalirani maonekedwe ake onse, limodzi ndi zambiri, ndi an kapena na kutsogolo. Mukalemba mneni, mumasankha nthawi, kenako ngati mukuvomera, mukukana kapena mukufunsa. Chitani zitatu zonsezo pa aneni 11 aja, chifukwa ena amasintha tsinde lenilenilo: chuaigh mé, ndinapita, ní dheachaigh mé, sindinapite, an ndeachaigh tú, kodi unapita. Jambulani sikirini ya matebulo amenewa muwasunge mu foni, kuti bandulo ikatha kapena magetsi akazima mukhale nawobe. Dziwani kuti matebulowa amatsata An Caighdeán Oifigiúil, kalembedwe kovomerezeka ka boma komwe kanatuluka mu 1958 n'kukonzedwanso mu 2017. Wa ku Kerry akanena bhíos m'malo mwa bhí mé, kapena wa ku Donegal akakana ndi cha m'malo mwa ní, sanalakwe, ndi kwawo.

Apa ndi pamene tikufuna kutsindika chinthu chomwe tsambali silingakuuzeni. Teanglann imakudutsitsani pa mlatho wa Chingerezi, koma pa mfundo zingapo zikuluzikulu Chiairishi chili pafupi ndi Chichewa kuposa ndi Chingerezi, ndipo mlathowo umangotalikitsa ulendo. Chiairishi chili ndi aneni awiri, is ndi tá, omwe Chingerezi chimawamasulira ndi mneni mmodzi, ndipo ophunzira amathera masamba ambiri kuwasiyanitsa. Ife tili nawo kale. Is múinteoir é, ndi mphunzitsi. Tá sé sa teach, ali m'nyumba. Pamene Chichewa chinena ndi, yesani is. Pamene chinena ali, yesani tá. Sizigwira paliponse, koma zimakufikitsani patali. Tá ali ndi mnzake bíonn wosonyeza chizolowezi, chimodzimodzi ma wathu: tá sé anseo, ali pano, bíonn sé anseo, amakhala pano. Chiairishi chilibe mneni wapadera wosonyeza kukhala ndi chinthu. Chimati tá leabhar agam, buku lili kwa ine, monga ife timati ndili ndi buku. Ndipo agam, agat, aige, aici, againn, agaibh, acu, momwe mperekezi wamezana ndi mlowam'malo, ndi nane, nawe, naye, nafe, nanu, nawo wathu yemwe uja. Chiairishi chilibenso mawu oti inde kapena ayi. Mumayankha pobwereza mneni. Ar ith tú? D'ith, kapena níor ith. Mwadya? Ndadya. Sindinadye. Choncho m'kope lanu lembani tanthauzo m'Chichewa, osati kukopera Chingerezi cha pa sikirini. Mzere uliwonse ukhale ndi dzina pamodzi ndi an wake, umwini wake, zambiri zake, tanthauzo la Chichewa, ndi katchulidwe monga khutu lanu lamvera. Mawu asanu pa tsiku akwana. Mverani katatu ndi mahedifoni, dzijambuleni pa WhatsApp, kenako yerekezani. Phokoso la mu minibasi limameza kusiyana kwa lembo lotambasuka ndi lowonda, ndiye ntchito imeneyi ndi ya pakhomo.

Pena Chichewa chimatipusitsa. Mneni m'Chiairishi amatsogola, mwininkhani n'kutsatira: d'ith an fear an t-arán, mawu ndi mawu, anadya mwamunayo buledi. Kudziwa kwathu kumodzi iwo amakugawa: tá a fhios agam pa nkhani, tá aithne agam air pa munthu, tá eolas agam air pa malo kapena phunziro, ndipo chilankhulo amangoti tá Gaeilge agam. Kuwerenga nako kuli ndi zake: kuyambira 2 mpaka 6 dzina limalandira séimhiú, trí bhád, kuyambira 7 mpaka 10 limalandira urú, seacht mbád, ndipo anthu amawerengedwa ndi mawu ena, duine, beirt, triúr, ceathrar. Chovuta kwambiri pa mtima wa Mmalawi ndi ulemu. Tú ndi munthu mmodzi, sibh ndi ambiri, basi. Gogo wa zaka 80 mumamuuza Dia duit, moni, ndi go raibh maith agat, zikomo, ngati mnzanu wa pa bawo. Mukati Dia daoibh kapena agaibh pofuna kulemekeza, iye acheuka kuti aone amene mwabwera naye.

De Bhaldraithe, wa Chingerezi kupita m'Chiairishi, ndiye chigawo chofooka. Ndi ntchito yaikulu ya nthawi yake, koma 1959 ndi kale. Malawi anali asanalandire ufulu. Za intaneti ndi foni ya m'manja musayembekezere. Pa mawu a lero pitani ku focloir.ie, ya bungwe lomwelo, yomwe inayamba mu 2013: kumeneko mupeza ríomhaire, kompyuta, idirlíon, intaneti, ríomhphost, imelo. Mawu a ukatswiri, a zaumoyo, zaulimi kapena zamalamulo, ali pa tearma.ie, ndipo mayina a malo ali pa logainm.ie. Ukale wa mabukuwa umaonekeranso pa nkhani ya khungu. Mwa chikhalire munthu wakuda m'Chiairishi ndi duine gorm, ndipo gorm ndi mtundu wa buluu. An fear dubh, mwamuna wakuda, linali dzina la Satana. Mukakumana nazo musadabwe, ndipo musadzimasulire nokha mawu ndi mawu. An Foclóir Beag musiyeni kaye mpaka mutatha miyezi ingapo. Akadzayamba kumveka, mudzadziwa kuti mwasuntha. Mabuku osindikizidwa kalembedwe kasanasinthe m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, aja okhala ndi kadontho pamwamba pa lembo m'malo mwa h, Teanglann siwathandiza mokwanira, popeza mawu ambiri anafupikitsidwa.

Mawu ena mukawafufuza amakutsegulirani mbiri. Lembani práta, mbatata ya kachewere ija. Ku Connacht amati fata. Mbewuyi kwawo ndi ku South America, koma pofika m'ma 1840 osauka a ku Ireland ankadalira iyo yokha. Chiwawu chitaigwira mu 1845, njala inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi pofika 1852, ndipo enanso ochuluka chomwecho anathawa m'dzikomo. Madera amene anakanthidwa kwambiri anali a kumadzulo ndi kumwera, komwe Chiairishi chinali champhamvu. Boma la Britain linaitanitsa chimanga kuchokera ku America, ndipo ufa wake anautcha min bhuí, ufa wachikasu. Anthu sankadziwa kuchigaya kapena kuchiphika mokwanira, ambiri chinawatsegula m'mimba. Mayi aliyense wa ku Mitundu akadawaonetsa kukonola ndi kuviika mphale. Onjezani sukulu za boma zoyamba mu 1831, zophunzitsa m'Chingerezi, momwe ana ena ankavekedwa kamtengo m'khosi, bata scóir, kolembapo nthawi iliyonse alankhula chilankhulo cha makolo awo kuti alangidwe. Amene anaphunzira pa sukulu yolipiritsa ana chifukwa cholankhula Chichewa sakufunika kufotokozeredwa zambiri. Bungwe la Conradh na Gaeilge linayamba mu 1893 kulimbana ndi kuzilala kumeneku, ndipo lero madera olankhula Chiairishi, Gaeltacht, ali m'zigawo za Donegal, Mayo, Galway, Kerry, Cork, Waterford ndi Meath.

Khutu silikula ndi mtanthauziramawu wokha. Raidió na Gaeltachta, yomwe inayamba mu 1972, imamveka pa intaneti, ndipo wailesi siidya bandulo ngati kanema wa TG4. Ireland ili kumbuyo kwathu ndi maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, ndi ola limodzi miyezi yotsalayo. Mverani mphindi khumi, gwirani mawu awiri kapena atatu obwerezedwa, ndipo yesani kuwapeza. Poyamba mudzalephera kawirikawiri, chifukwa mwamva w koma mawuwo ayamba ndi b kapena m, mwamva h koma ndi t kapena s. Bwererani m'mbuyo: mukamva w kapena v kumutu yesani b, m kapena f, mukamva h yesani s kapena t, mukamva ng' yesani g. Kuyambira pa 1 mpaka 17 Malichi kumakhala Seachtain na Gaeilge, chikondwerero cha Chiairishi, ndipo nthawi imeneyo zophunzirira za oyamba kumene zimachuluka pa intaneti.

Funso loyamba limene mudzafunsidwe ndi la kwanu. Malawi m'Chiairishi ndi an Mhaláiv, dzina lachikazi, n'chifukwa chake M walandira h pambuyo pa an, ndipo limamveka kuyamba ndi w kapena v. Mukaika as, kuchokera, kutsogolo, zinthu zimasinthanso. Ku Connacht ndi ku Munster, as an amafuna urú, koma m alibe urú, choncho h uja amagwa: is as an Maláiv dom, ndimachokera ku Malawi. Ku Ulster as an amafuna séimhiú, ndiye ndi is as an Mhaláiv dom. Onse awiri ndi ovomerezeka. Lilongwe sasintha: tá mé i mo chónaí i Lilongwe, ndimakhala ku Lilongwe, popeza l salandira urú.